Nambala ya kukhulana kwa madzi ndi khoma ikakana kugwirizana ndi zimene mwayeza

Vuto limene limabwereranso chaka ndi chaka kwa ophunzira uinjiniya, komanso kwa anthu amene amayerekezera kayendedwe ka madzi ndi mpweya pa kompyuta, ndi lakuti mphamvu imene madzi amakhulira khoma la paipi imatuluka yosiyana ndi ya m'buku, kapena yosiyana ndi kutsika kwa pulesha kumene kwayezedwa, kapenanso imasintha nthawi iliyonse munthu akasintha mesh, yomwe ndi ukonde wa timaselo timene kompyuta imagawira malo oyendamo madzi. Mphamvu imeneyi, imene mabuku amaitcha wall shear stress ndi kuilemba τw, imabadwira m'kagawo kopyapyala kwambiri kogundana ndi khoma, kamene pa madzi oyenda mwachipwirikiti kamachepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Popeza kagawoko n'kovuta kukayeza ndiponso n'kodula kukawerengera, pafupifupi njira zonse zimene timagwiritsa ntchito zimangoyerekeza τw kuchokera ku liwiro la madzi amene ali patali pang'ono ndi khoma, ndipo zolakwika zambiri zimalowera pamenepo. Ambiri amathamangira kusintha modelo ya chipwirikiti, yomwe ndi masamu amene pulogalamu imayerekezera nawo chipwirikiticho, koma ine ndimaona kuti modeloyo iyenera kukhala yomalizira kuikayikira.

Yambani ndi pensulo, kompyuta idikire

M'paipi yowongoka imene madzi akhazikika kale m'kayendedwe kawo muli choonadi chimodzi chimene sichidalira modelo iliyonse: mphamvu imene pulesha ikukankhira madzi kutsogolo iyenera kufanana ndi mphamvu imene khoma likuwabwezera m'mbuyo. Kuchokera pamenepo timapeza kuti τw = Δp D / 4L, pamene Δp ndi kutsika kwa pulesha pa mtunda L ndipo D ndi dayamita ya m'kati mwa paipi. Ngati τw imene pulogalamu yanu ikusonyeza sikugwirizana ndi Δp imene pulogalamu yomweyo ikusonyeza, ndiye kuti mwina kuwerengera sikunafike kumapeto, mwina madzi sanakhazikike pamalo amene mukuyang'anapo, kapena mwawerenga molakwika chimodzi mwa ziwirizo.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi chimene tikhala tikubwererako. Paipi yosalala ya dayamita ya mamita 0.1 ikuyendetsa madzi a madigiri 20 pa liwiro lapakatikati la mamita 2 pa sekondi. Kinematic viscosity ya madziwo, ν, yomwe ndi muyeso wa mmene madzi amakanira kuyenderera, ndi pafupifupi 0.000001 m²/s, choncho nambala ya Reynolds, Re = U D / ν, pamene U ndi liwiro lapakatikati lija, ndi 200,000, yomwe ili patali kwambiri ndi malire a 2,300 mpaka 4,000 pamene madzi a m'paipi amasiya kuyenda mwabata. Fomula ya Colebrook ya mu 1939, yomwe Moody anaijambula pa tchati chake cha mu 1944, imapereka nambala ya kukhulana, f, ya pafupifupi 0.0156 pa paipi yosalala. Tikaiika mu τw = f ρ U² / 8, pamene ρ ndi density, kulemera kwa kiyubiki mita imodzi ya madzi, timapeza mapasikalo 7.8, zomwe zikutanthauza kuti pulesha imatsika ndi mapasikalo 312 pa mita iliyonse, kapena kuti madzi amataya msinkhu wa mamita 3.2 pa mamita 100 aliwonse a paipi. Kuwerengera kumeneku kumatenga mphindi zisanu, ndipo popanda iko mulibe choyerekezera nacho zimene kompyuta ikukuuzani.

Kusiyana kukakhala kwa nambala yozungulira bwino

Gawani yankho lanu ndi yankho la pensulo, ndipo muyang'anitsitse chimene chatuluka. Chikakhala 4 kapena 0.25, mwasakaniza f ya Darcy ndi f ya Fanning, chifukwa ya Darcy ndi yaikulu kanayi kuposa inzake ngakhale kuti mabuku amazilemba ndi chilembo chimodzimodzi. Njira yachangu yodziwira imene buku likugwiritsa ntchito ndi kuona zimene lalemba pa madzi oyenda mwabata: 64/Re ndi ya Darcy, pomwe 16/Re ndi ya Fanning. Chikakhala pafupi ndi 1,000, vuto lili pa density. Mu pulogalamu ya OpenFOAM, mwachitsanzo, simpleFoam imawerengera pulesha ndi wallShearStress zitagawidwa kale ndi density, motero pa paipi yathu mudzaona 0.0078 m'malo mwa 7.8, ndipo nambalayo si yolakwika, ikungofunika kuichulukitsa ndi 998, yomwe ndi density ya madziwo. Kusiyana kwa 1,000 kumabweranso munthu akalemba μ, viscosity yosagawidwa ndi density, pamene pakufunika ν.

Kusiyana kopitirira pang'ono 30 peresenti kawirikawiri kumachokera ku liwiro limene mwasankha, popeza f imagwira ntchito ndi liwiro lapakatikati la paipi yonse, osati liwiro la pamzere wapakati pa paipi, lomwe pa chitsanzo chathu ndi lalikulu ndi 16 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, ndipo likachulukitsidwa lokha kusiyanako kumakula. Pa chitsulo chafulati, kusiyana kwa 25 peresenti kumasonyeza kuti mwasokoneza kukhulana kwa pamalo amodzi, 0.0592 Re^-0.2, ndi kwa chitsulo chonse, 0.074 Re^-0.2. Onaninso kutentha kwa madzi, chifukwa ν imatsika kuchoka pa 0.0000013 pa madigiri 10 kufika pa 0.0000008 pa madigiri 30, ndipo zimenezi zokha zimasuntha f ya paipi yosalala ndi pafupifupi 10 peresenti. Fomula ya Blasius ya mu 1913, f = 0.316 Re^-0.25, ndi yokondedwa chifukwa n'njosavuta, koma imagwira bwino mpaka pa Reynolds ya 100,000 basi. Pa chitsanzo chathu ikupereka 0.0149, ndipo imapitiriza kuperewera Reynolds ikamakwera.

Yankho likamasintha pamodzi ndi mesh

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo kuti limveke pafunika kudziwa mmene liwiro limakwerera kuchoka pakhoma. Kuchokera ku τw timapanga liwiro lapadera, uτ, lomwe ndi square root ya τw/ρ, ndipo timayeza mtunda y kuchoka pakhoma ndi nambala y+ = y uτ / ν. Pa paipi yathu uτ ndi mamita 0.088 pa sekondi, kotero kuti y+ imodzi ndi mamilimita 0.011 okha. Kuchoka pakhoma mpaka pa y+ ya 5, viscosity ndi imene imalamulira ndipo liwiro limakwera mowongoka, u+ = y+, pamene u+ ndi liwiro la madzi logawidwa ndi uτ. Kuyambira pa y+ ya 30 kupita mtsogolo, chipwirikiti ndicho chimalamulira ndipo liwiro limatsatira lamulo la logarithm limene von Kármán ndi Prandtl analipeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, lomwe ndi u+ = 2.44 ln y+ + 5.0, pamene 2.44 ndi 1 yogawidwa ndi κ ya 0.41. Pakati pa 5 ndi 30 pali gawo losakanikirana limene malamulo awiriwa salifotokoza bwino. Mizere yawo imakumana pa y+ ya pafupifupi 11, pamene yonse iwiri imanena kuti u+ ndi 11, chonsecho liwiro lenileni pamenepo lili pafupi ndi 9.

Pali njira ziwiri zokha zosadzitsutsa. Yoyamba ndi kuika selo yoyamba, yogundana ndi khoma, m'gawo la logarithm ndi kulola wall function, monga ija Launder ndi Spalding anafotokoza mu 1974 pamodzi ndi modelo ya k-ε, kuti ilumphe magawo a pansi n'kuyerekeza τw. Yachiwiri ndi kuwerengera mpaka pakhoma penipeni, selo yoyamba ili pa y+ ya 1 kapena kucheperapo, pogwiritsa ntchito modelo yopangidwira zimenezo monga k-ω SST ya Menter ya mu 1994 kapena ya Spalart ndi Allmaras ya mu 1992. Mavuto amayamba munthu akatenga mesh ya njira ina n'kuiphatikiza ndi modelo ya njira inayo, ndipo kukula kwa cholakwikacho tingathe kukuwerengera. Ngati selo yoyamba ili pa y+ ya 50 koma mulibe wall function, pulogalamu imaganiza kuti liwiro likukwera mowongoka kuchoka pakhoma mpaka pakati pa seloyo, ndipo popeza u+ yeniyeni pamenepo ndi 14.5 osati 50, τw imene imatuluka pa liwiro limenelo siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a yeniyeni. Ngati mwachita zosiyana ndi zimenezi, n'kukakamiza lamulo la logarithm pa y+ ya 2, lamulolo limanena kuti u+ ndi 6.7 pamene yeniyeni ndi 2.

Chimene chimasokoneza ophunzira kwambiri n'chakuti anaphunzitsidwa kuti mesh yothithikana imapereka yankho labwino nthawi zonse. Pa wall function yachikale zimenezi si zoona, chifukwa kuchepetsa selo yoyamba kumaichotsa pa y+ ya 40, pamene lamulo likugwira ntchito, n'kuiponya pa 20, kenako pa 10, pamene silikugwira. Mukafuna kuyesa ngati yankho likudalira mesh, siyani selo yoyamba pamalo ake ndipo muchulukitse maselo ena onse. Mapulogalamu amakono ali ndi njira zolumikiza malamulo awiriwa, monga nutUSpaldingWallFunction mu OpenFOAM, yomwe imatsatira fomula imodzi ya Spalding ya mu 1961, kapena Enhanced Wall Treatment mu pulogalamu ya Fluent, ndipo njira zimenezi zimachepetsadi vutoli, koma ine sindingazidalire mpaka kufika poika dala khoma lonse pa y+ ya 10 mpaka 15.

Powerengera msinkhu wa selo yoyamba kumbukirani kuti mapulogalamu ambiri amayeza y kuchoka pakhoma kufika pakati pa selo, osati pamwamba pake. Pa paipi yathu, y+ ya 1 ikufuna selo ya msinkhu wa mamilimita pafupifupi 0.023, ndipo y+ ya 30 ikufuna selo ya mamilimita pafupifupi 0.68. Selo yoyamba yokha siikwanira, pakuti ngati yachiwiri ikukula kawiri kapena katatu kuposa yoyamba, gawo losakanikirana lija limangokhala ndi maselo awiri kapena atatu ndipo phindu lonse la y+ ya 1 latayika. Selo iliyonse isakule kuposa 1.2 ya inzake ya pansi pake. Popeza y+ imadalira τw, yomwe ndi yankho limene mukufunafuna, simungaidziwe bwinobwino musanayambe. Yerekezani ndi pensulo, yendetsani pulogalamu, onani y+ imene yatuluka, kenako konzani mesh, ndipo poona musakhutire ndi nambala yapakatikati, chifukwa khoma limene theka lake lili pa 5 ndipo theka lina pa 60 limapereka nambala yapakatikati yooneka yabwino pamene theka loyambalo ndi lolakwika.

Gawo la logarithm lili ndi denga lakenso, lomwe lili pafupi ndi 15 mpaka 20 peresenti ya theka la dayamita. Pa paipi yathu theka la dayamita ndi y+ ya pafupifupi 4,400, choncho malo alipo ambiri. Koma pa Reynolds ya 10,000, theka lonse la dayamita ndi y+ ya pafupifupi 310 yokha, denga lili cha pa 50 kapena 60, ndipo selo imene pakati pake pali pa y+ ya 30 imadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mtunda wochoka pakhoma kufika pakati pa paipi. Pa Reynolds yotsika chonchi wall function ilibe phindu, ndipo kuwerengera mpaka pakhoma n'kotchipa kale.

Zoyeza zikaposa zowerengera: khoma si losalala

Kompyuta ndi pensulo zikagwirizana koma pulesha yoyezedwa pa paipi yeniyeni ikutsika kwambiri kuposa zonse ziwiri, kayikirani kukhakhala kwa khoma. Nikuradse mu 1933 anamata mchenga wosefedwa m'kati mwa mapaipi ndipo anaonetsa kuti chofunika si kukula kwa timiyalato pakokha, koma kukula kwake poyerekeza ndi kagawo ka viscosity, komwe timalemba ks+ = ks uτ / ν, pamene ks ndi kukula kwa timiyalato. Nambalayi ikachepera 5 khoma limakhala ngati losalala, ikaposa 70 kukhakhala ndiko kumalamulira ndipo f imasiya kudalira Reynolds. Khoma lomwelo lingathe kukhala losalala pa liwiro lochepa n'kukhala lokhakhala pa liwiro lalikulu. Matebulo amapereka mamilimita 0.0015 pa paipi ya PVC, 0.045 pa chitsulo chatsopano ndi 0.26 pa cast iron, koma nambala zimenezi n'za mapaipi atsopano. Paipi yathu ikakhala yachitsulo chatsopano, Colebrook imakweza f kufika pa 0.0186, ndipo ikachita dzimbiri mpaka ks kufika milimita imodzi, f imafika pa 0.038 ndipo τw imakwera kufika mapasikalo 19. Pa mzere wautali wopopa madzi kukwera phiri, monga umene umatenga madzi a mu Shire pa Walker's Ferry kupita nawo ku Blantyre, kusiyana kotere kumasanduka magetsi amene mapampu amadya tsiku lililonse. Dzimbiri ndi matope zimachepetsanso dayamita, ndipo popeza pa kuchuluka komweko kwa madzi kutsika kwa pulesha kumadalira dayamita yochulukitsidwa yokha pafupifupi kasanu, kuchepa kwa 5 peresenti kokha kumawonjezera kutayika kwa pulesha ndi pafupifupi 29 peresenti.

Pali misampha iwiri poika kukhakhala mu pulogalamu. Woyamba ndi wakuti ks si nambala ya Ra imene makina oyezera kusalala kwa chitsulo amapereka, ndipo kawirikawiri ks imakhala yaikulu kangapo kuposa Ra. Wachiwiri ndi wakuti pakati pa selo yoyamba payenera kukhala pamwamba pa ks, motero simungaike ks ya milimita imodzi pa mesh imene selo yake yoyamba ndi mamilimita 0.023 n'kuyembekezera yankho lanzeru. Dziwaninso kuti Colebrook ndi Nikuradse sagwirizana m'gawo lapakati: chitsulo chatsopano cha m'chitsanzo chathu chili ndi ks+ ya pafupifupi 4, yomwe kwa Nikuradse ndi khoma losalala pamene Colebrook wawonjezera kale 19 peresenti, choncho pulogalamu yotsatira mchenga wa Nikuradse ikapereka nambala yotsikirapo kuposa tchati cha Moody pamenepa, sikuti yawonongeka.

Malo amene lamulo la logarithm silifikako

Lamuloli limaganiza kuti madzi akuyenda motsatira khoma, kuti pulesha sikusintha mwadzidzidzi, ndiponso kuti chipwirikiti chimene chikubadwa pamalopo n'chofanana ndi chimene chikuzimirira. Kuseri kwa valavu, pambuyo pa khona, pamene paipi yakula mwadzidzidzi, kapena pamene madzi akumenya khoma molunjika, mfundo zimenezi sizikhalapo, ndipo palibe y+ imene ingapulumutse wall function. Pamalo pamene madzi osiyana ndi khoma akubwerera kudzaligwiranso, τw imakhala ziro, choncho y+ nayonso imaoneka ziro ngakhale mesh ikhale yotakasuka chotani, ndipo zimenezi zimanyenga anthu kuti mesh yawo ili bwino pamenepo. Pofuna kuzemba vutoli mapulogalamu ambiri amapanga liwiro lawo kuchokera ku mphamvu ya chipwirikiti k, pogwiritsa ntchito Cμ ya 0.09, koma liwiro limenelo limafanana ndi uτ pokhapokha mfundo zija zikakwaniritsidwa, ndipo ngati k imene munaika polowera madzi ndi yongopeka, y+ yosonyezedwa pafupi ndi polowerapo ndi yongopekanso.

Polowera penipeni ndi vuto palokha. Madzi akalowa m'paipi ndi liwiro lofanana paliponse, τw imayamba yokwera kwambiri ndipo imakhazikika pakapita madayamita makumi angapo, choncho musayerekeze ndi Moody pamalo ochepera madayamita 40 mpaka 60 kuchoka polowera kapena pa khona, kaya ndi pa kompyuta kaya ndi m'labotale. Pa chitsulo chafulati kapena phiko la ndege, gawo lakutsogolo limayenda mwabata mpaka pa Reynolds ya pafupifupi 500,000, ndipo pamenepo kukhulana kwa mwabata ndi pafupifupi 0.0009 pamene kwa chipwirikiti ndi 0.0043. Modelo yachizolowezi imaika chipwirikiti kuyambira kumayambiriro, choncho ngati gawo labatalo ndi lalikulu, yankho lidzaposa zoyeza ndipo pafunika modelo yozindikira kusinthaku.

Ngati cholakwika chili m'zoyezazo

Si nthawi zonse pamene labotale imanena zoona. Njira ya Clauser ya m'zaka za m'ma 1950 imapeza uτ posintha nambala yake mpaka liwiro loyezedwa litagona pa mzere wa logarithm, kutanthauza kuti imayamba yavomereza lamulolo, ndipo siingagwiritsidwe ntchito kutsimikizira lamulo lomwelo kapena kuyeza pamalo pamene lamulolo silifika. Yankho lake limadaliranso κ ndi nambala yowonjezera ija, monga 5.0 ya m'lamulolo, imene mwasankha. Ofufuza sanagwirizane pa κ imodzi: zoyeza za m'paipi ya Superpipe ku Princeton zinapereka 0.436 kenako 0.421, pamene zoyeza za pa chitsulo chafulati zinapereka 0.384. Kusiyanaku sikuvulaza kwambiri bola nambala ziwirizo ziyendere limodzi, chifukwa 0.41 ndi 5.0 zimapereka u+ ya 16.2 pa y+ ya 100, ndipo 0.384 ndi 4.17 zimaperekanso 16.2. Koma mukatenga 0.384 m'pepala lina ndi 5.0 m'buku lina, u+ imakhala 17.0 ndipo τw imalakwika ndi pafupifupi 8 peresenti.

Kudziwa pamene khoma lili penipeni n'kovutanso kuposa mmene zimamvekera, pakuti pa paipi yathu kuphonya ndi mamilimita 0.05 okha ndi kuphonya ndi y+ yoposa 4, womwe ndi pafupifupi msinkhu wonse wa kagawo ka viscosity. N'chifukwa chake kuyeza τw pojambula mzere wowongoka pa mfundo ziwiri kapena zitatu zapafupi ndi khoma sikudalirika, makamaka popeza hot-wire, waya wotentha woyezera liwiro, ikayandikira khoma imataya kutentha kulowa m'khomalo n'kusonyeza liwiro loposa lenileni. Chubu cha Preston cha mu 1954, chogwiritsidwa ntchito ndi matebulo a Patel a mu 1965, n'chotchipa komanso chodalirika pa khoma losalala, koma nachonso chimadalira lamulo la khoma. Pa mpweya, njira yoyeza kupyapyala kwa kadontho ka mafuta pogwiritsa ntchito kuwala, imene Tanner ndi Blows anaifotokoza mu 1976, siidalira lamulolo, koma imafuna kuti mudziwe bwino kutentha kwa khoma chifukwa viscosity ya mafuta a silicone imasintha ndi pafupifupi 2 peresenti pa digiri iliyonse. M'paipi, kuyeza Δp ndiko kumakhalabe kopambana, malinga timabowo toyezera pulesha tabooledwa mowongoka popanda timazenga ta chitsulo m'kati, mulibe mpweya wotsekeredwa m'timachubu, ndipo mabowo awiriwo atalikirana mokwanira kuti Δp ikhale yaikulu kuposa cholakwika cha geji.

Mukachotsa zonsezi padzatsalabe kusiyana pang'ono, ndipo muyenera kudziwa pamene mungalekere kufufuza. Tchati cha Moody sichilonjeza kulondola koposa 5 peresenti pa mapaipi osalala ndi 10 peresenti kapena kuposerapo pa okhakhala, choncho pa paipi yathu yosalala yankho lililonse la pakati pa mapasikalo 7.4 ndi 8.2 likugwirizana ndi buku. Likatuluka kunja kwa malire amenewa pamene Δp ndi τw zikugwirizana, y+ ili m'gawo lake pa khoma lonse, ndipo mukuyeza kutali ndi polowera, pamenepo m'pamene mungasinthe modelo ya chipwirikiti, ndipo muisinthe yokha mesh ili yomweyo kuti muone chimene yasintha.